Though, through, tough: bwanji amamveka mosiyana?

Funso: Akonzi, mwana wanga ali sitandade 8 kuno ku Kawale, dzulo anandifunsa kuti bwanji though, through ndi tough onse amathera ough koma katchulidwe kake nkosiyana, ine kukamwa yasa. Thandizeni.

Yankho: Mayi musadandaule, zimenezi zimavuta ndi aphunzitsi omwe. Though ndiye kuti ngakhale, through ndi kudutsa mkati, tough ndi cholimba ndipo amamveka taf, cough uja wa kutsokomola amamvekanso f kumapeto. Kalekale Angerezi gh ameneyu ankamutchulira kukhosi, kenako m'mawu ena anangosiya kumutchula, m'mawu ena anasanduka f koma kalembedwe kanatsala momwemo. Ndiye lamulo lodalirika palibe, mwanayo aziloweza liwu lililonse m'chiganizo chake basi, mayeso asanafike.