Honours kapena ordinary ku Scotland: mlandu umagamulidwa chaka chachiwiri

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwana wanu ali m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina ku Scotland, akuchita MA ya History ndi Philosophy, ndipo walandira kalata yomuuza kuti malikisi ake akapanda kukwera saloledwa kulowa honours, adzangotuluka ndi ordinary. Mukufuna kudziwa kuti ziwirizi zikusiyana pati, komanso mukudabwa kuti munthu amene akuchita kale MA angamuopseze bwanji ngati woyamba kumene. Ena m'gulu muno ayankha kale kuti ordinary ndi dzina laulemu la kulephera. Akunena zimene anaona kwina, koma ku Scotland nkhani yake siili choncho ndendende. Ine ndinaphunzira komweko, ndipo kalata ngati imeneyo inatsala pang'ono kundipeza.

Tiyambe tachotsa chisokonezo cha dzinali. M'mayunivesite akale a ku Scotland, monga St Andrews, Glasgow, Aberdeen ndi Edinburgh, digiri yoyamba ya maphunziro a arts imatchedwa MA. Ndi mwambo wakalekale chabe, poti St Andrews inayamba cha m'ma 1413, Glasgow mu 1451, Aberdeen mu 1495. MA imeneyi si masitazi ayi, mlingo wake ndi wofanana ndi BA ya kwina. Masitazi yeniyeni kumeneko nthawi zambiri amaitcha MLitt kapena MSc. Choncho musauze abale kuti mwana akumaliza masitazi, mudzavutika kubweza mawu.

Tsono kusiyana kwake. Pa pepala n'kosavuta: ordinary ndi zaka 3, honours ndi zaka 4. Amawerengera ndi makirediti. Chaka chimodzi chathunthu ndi makirediti 120, ndipo kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito, kuphatikiza nthawi ya m'kalasi, yowerenga payekha ndi yolemba. Ndiye kuti kosi ya makirediti 20 amayembekeza kuti mwana aithere maola 200, ngakhale kuti amene amakhala pamaso pa mphunzitsi ndi ochepa kwambiri. Ordinary imafuna makirediti 360, honours imafuna 480.

Koma kuchuluka kwa makirediti pakokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Makirediti ali ndi mlingo. Pa dongosolo la dzikolo lotchedwa SCQF, chaka choyamba chili pa mlingo 7, chachiwiri pa 8, chachitatu pa 9, chachinayi pa 10. Kuti munthu apatsidwe ordinary, pa makirediti 360 aja osachepera 60 akhale a mlingo 9. Kuti apatsidwe honours, pa 480 aja osachepera 180 akhale a mlingo 9 ndi 10, ndipo mwa amenewo 90 akhale a mlingo 10 weniweniwo. Munthu atha kuunjika makosi ofewa a chaka choyamba ndi chachiwiri mpaka kukwana 360, koma digiri osaiona, chifukwa mulu wakewo ulibe nsonga.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri si manambalawa koma mmene zaka zija amazigawira. Zaka ziwiri zoyamba mwana amaphunzira mofalikira. Kawirikawiri amatenga maphunziro atatu nthawi imodzi, mwachitsanzo History, Philosophy ndi lina lachitatu lodzisankhira. Pa zaka ziwirizi wa honours ndi wa ordinary amakhala m'kalasi imodzi, mabuku amodzi, mayeso amodzi. Njira zimapatukana kumapeto kwa chaka chachiwiri. Wololedwa kulowa honours amasiya zina zonse n'kuzama pa phunziro limodzi, kapena awiri ngati ndi joint honours monga akufunira mwana wanuyo. Chaka chachitatu amachitcha junior honours, chachinayi senior honours, ndipo m'chaka chomalizacho amalemba dissertation, kafukufuku wakewake wa mawu pafupifupi 10,000, moyang'aniridwa ndi mphunzitsi mmodzi. Wa ordinary amachita chaka chimodzi chowonjezera, nthawi zambiri mosakanizabe maphunziro, dissertation yaikulu ija sakhala nayo, n'kumaliza.

Pakhomo pa honours pali mlonda, ndipo mlondayo ndi malikisi a chaka chachiwiri. Kungokhoza sikukwanira. Ku St Andrews amachonga pa sikelo ya 20: kukhoza ndi 7, koma kuti ulowe honours amafuna 11 pa makosi a chaka chachiwiri a phunziro limene ukufuna kupitiriza. Ku Glasgow sikelo yawo ndi ya 22 yokhala ndi zilembo, kukhoza kumayambira pa D3, koma madipatimenti amafuna kuposa pamenepo, ena C, ena mpaka B. Mwana atha kukhoza kosi iliyonse, osalepherako ngakhale imodzi, koma chitseko n'kumutsekekera. Ndikukhulupirira kuti izi ndi zimene zikuchitika kwa wanuyo, ndipo n'chifukwa chake iye mwini akudabwa kuti walakwa chiyani.

Ndinene za ine. Nditafika, anzanga a m'zaka zapamwamba anandiuza kuti zaka ziwiri zoyamba sizilowa pa kalasi ya digiri (giredi yomaliza imene honours imatuluka nayo), zimene zimawerengedwa ndi za chaka chachitatu ndi chachinayi. Sananame. Koma ine ndinamva theka lokha la nkhaniyo. Ndinayamba kugwira ganyu madzulo ambiri, nkhani zolemba ndinkazipereka usiku womaliza, ndikangoona kuti ndakhoza mtima pansi. Semesita yoyamba ya chaka chachiwiri itatha, mlangizi wanga wa maphunziro anandiitana. Ndimakumbukira kachipinda kake kodzaza mabuku mpaka pa mpando wa alendo, moti anachita kuwasuntha kuti ndikhale. Sanandikalipire. Anangotembenuza kompyuta kuti ndione, n'kuloza ndi cholembera mzere umodzi wa m'malamulo a dipatimenti, kenako n'kuloza malikisi anga. Panali kusiyana kwa mfundo imodzi yokha. Mzerewo unali m'kabuku kamene anatipatsa sabata yoyamba ya chaka choyamba, ine ndinali ndisanakatsegulepo. Ndinasiya ganyu ina, semesita yachiwiri ndinakokera malikisi m'mwamba, ndipo ndinalowa mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mnzanga wina amene tinkakhala naye nyumba imodzi sanaitanidwe msanga, anadziwa zotsatira zitatuluka kale.

Pali msampha wina umene mwana wanu aufunse mawa lomwe: mayeso obwereza. Ambiri amaganiza kuti ndikalephera kapena ndikapeza ochepa ndidzalembanso m'nyengo ya tchuthi. Kulembanso kulipo, koma m'malo ambiri malikisi a mayeso obwereza amawadula kuti asapitirire mlingo wongokhozera, ndipo madipatimenti ena amayang'ana zimene unapeza ulendo woyamba pofuna kukulowetsa honours. Kubwereza kumakubwezera makirediti, koma sikuti nthawi zonse kumakutsegulira chitseko chija.

Tsono kodi ordinary ndi kulephera? Apa ndi pamene ndikusiyana ndi anzathu ayankha poyambawo, ngakhale ndikumvetsa kumene akuchokera. Ku England digiri ya honours ndi ya zaka 3, makirediti 360, ndipo pafupifupi aliyense amalembetsa honours kuyambira tsiku loyamba. Ordinary kumeneko, imene nthawi zambiri ndi makirediti 300, imaperekedwa kwa amene sanakwanitse zonse, mwina dissertation yamukanika. Ndiye wophunzira ku England akamva mawu oti ordinary amamva fungo la kugwa. Amene anaphunzira ku South Africa nawo amadziwa zina: BA ndi zaka 3, ndipo honours ndi digiri ina yapadera ya chaka chimodzi imene umachita kufunsira ukamaliza. Mawu ndi amodzi, mayiko atatu, matanthauzo atatu. N'chifukwa chake mayankho a m'gulu muno akuoneka ngati akutsutsana pamene aliyense akunena zoona za kumene anali.

Ku Scotland ordinary ili ndi mbiri yakeyake yolemekezeka. Kale ndiyo inali digiri ya munthu wophunzira. M'zaka za m'ma 1800 wofuna MA ankayenera kudutsa maphunziro asanu ndi awiri osasankha: Chilatini, Chigiriki, masamu, logic, moral philosophy, natural philosophy imene lero timati physics, ndi mabuku a Chingerezi. Kusankha kunayamba kubwera pambuyo pa lamulo la mayunivesite a ku Scotland la mu 1889, lomwenso linatsegula njira yoti akazi azilandira madigiri kuyambira mu 1892. Aphunzitsi ndi abusa ambirimbiri a dzikolo anadutsa njira ya ordinary, ndipo maganizo ake anali oti munthu adziwe zambiri mofalikira asanazame pa chimodzi. Ine ndimaona kuti maganizo amenewo ndi abwino mpaka lero. Vuto ndi loti dziko linasuntha. Masiku ano ophunzira ambiri amachita honours, ndiye wotuluka ndi ordinary amafunsidwa kuti chinachitika n'chiyani, ngakhale anachita kusankha yekha. Dziwaninso kuti mayunivesite ena saitcha ordinary, amati general degree. Mukaona mawu amenewo m'kalata, ndi yomweyo.

Chimene amataya kwenikweni wa ordinary ndi kalasi. Honours imatuluka ndi First, 2:1, 2:2 kapena Third. Pa sikelo ya 100 imene ambiri amaidziwa, First imayambira pa 70, 2:1 pa 60, 2:2 pa 50, Third pa 40. Ordinary ilibe makalasi amenewa, ngakhale m'malo ena amalembapo merit kapena distinction kwa wochita bwino. Tsono masitazi zambiri za ku Britain zimalemba poyera kuti zikufuna honours ya 2:1, zina zimalandira 2:2. Mabungwe opereka thandizo la maphunziro ndi makampani akuluakulu olemba ntchito omaliza kumene nawonso amakonda kufunsa kalasi. Wa ordinary pa fomu yotere alibe choti alembe m'bokosimo. Sikuti njira yatsekekeratu. Ena amalowa masitazi patapita zaka, atagwira ntchito, kapena kudzera pa postgraduate diploma. Uphunzitsi wa ku sekondale ku Scotland, kudzera pa kosi yosula aphunzitsi yotchedwa PGDE, umayang'ana kuti uli ndi digiri komanso makirediti 80 a phunziro limene ukufuna kukaphunzitsa, 40 mwa iwo a mlingo 8 kapena kuposa. Koma kunena zoona, njirazi ndi zozungulira, ndipo ngati mwana wanu ali ndi mtima wodzachita kafukufuku kapena kuphunzitsa pa yunivesite, chaka chachinayi chija n'chofunika kuchimenyera nkhondo. Dissertation ija ndi pamene munthu amayamba kuphunzira kufunsa funso lake ndi kulifunira yankho, osati kungoyankha a ena.

Komanso ndisakubisireni mbali inayi. Chaka chachinayi ndi fizi ya chaka china chathunthu, ndi lendi, ndi chakudya, ndipo kwa mwana wochokera kunja fiziyo si yamasewera. Alipo amene amaona kuti zaka 3 zawakwanira, ntchito yawapeza kale, n'kutuluka ndi ordinary mutu uli m'mwamba. Chimene sindifuna n'choti mwana agwere mu ordinary mosadziwa ngati mmene ndikanagwera ine.

Poti kalata yabwera chaka chisanathe, mpata ulipo. Apite kwa mlangizi wake sabata ino, asadikire kuitanidwa, ndipo apite atawerenga kabuku ka malamulo a madipatimenti onse awiri, poti History ndi Philosophy atha kukhala ndi miyezo yosiyana. Akafunse kuti malikisi ofunikawo ndi a kosi iliyonse payokha kapena ndi avereji, chifukwa ngati ndi avereji semesita yachiwiri itha kukoka yoyamba.

Ndipo pali khomo lina limene ana ambiri saliona chifukwa cha mantha. Joint honours imafuna kuti ukwanitse mbali zonse ziwiri. Ngati yamuvuta ndi Philosophy yokha, pamene History ikuyenda bwino, atha kupempha kulowa single honours ya History. Ngakhale phunziro lachitatu lija, ngati analitenga zaka zonse ziwiri ndipo malikisi ake ndi abwino, nthawi zambiri litha kukhala njira yolowera. Ubwino wa dongosolo la ku Scotland ndi umenewu, kuti zaka ziwiri zofalikira zija zimasiya makomo angapo otsegula. Ndikudziwa anthu amene anapita kukachita phunziro lina n'kumaliza ndi limene poyamba ankangodzazira nalo ndandanda, ndipo analikonda koposa.

Ngati malikisi anatsika chifukwa cha matenda, maliro kapena vuto lina lalikulu, anene tsopano, molemba, ndi umboni monga kalata ya dokotala. Yunivesite iliyonse ili ndi njira yomvera zifukwa zotere, koma masiku operekera ndi ochepa kwambiri, nthawi zina sabata imodzi chabe kuchokera tsiku la mayeso. Ana athu ambiri amaona ngati kunena vuto ndi kudandaula kapena kuchititsa manyazi makolo, ndiye amangopirira chamumtima. Kumeneko akapanda kumva kanthu amangoti zonse zinali bwino, ndipo kudzanena zotsatira zitatuluka kale kumakhala kovuta kwambiri. Bungwe la ophunzira pa yunivesite limakhala ndi alangizi aulere othandiza kulemba makalata amenewa ndi a apilo.

Inu achemwali, mukamuimbira foni usiku uno musayambe ndi funso loti wakhala ukutani. Ayenera kuti wadzifunsa kale kambirimbiri. Mufunseni kuti mzere wa m'kabuku kaja ukuti chiyani, iye ali ndi malikisi angati pa kosi iliyonse, ndipo kwatsala nkhani zolemba ndi mayeso angati semesita ino. Mukandilembera manambala atatuwo ku inbox, osatchula dzina lake, tiwerengera limodzi kuti akufunika kupeza zingati pa zotsalazo.