Mphatso ya munthu wokonda kuphika

Mwafunsa choti mugulire mchemwali wanu wokonda kuphika, poti mapoto ali nawo kale. Ine ndingati safironi. Ndi timaulusi tofiira ta m'kati mwa duwa la crocus. Duwa limodzi limangobala titatu basi, ndipo amatothola ndi manja, n'chifukwa chake mtengo wake umaluma. Wambiri amachokera ku Iran. Koma wa ufa musagule ayi, achinyengo amausakaniza ndi zinthu zina. Galamu imodzi yakwana, popeza amangotsina pang'ono n'kunyika m'madzi ofunda asanathire m'chakudya.

Thumba likakana, pezani sumac, ufa wofiirira wowawasa ngati ndimu umene anthu a ku Middle East amawaza pa nyama yootcha. Ineyo ndimauthira pafupifupi paliponse.