Yankho kwa achemwali ofunsa za faiba, BP ndi shuga

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati sikelo ikuonetsa makilo 96, BP yakwera, shuga ali m'malire, ndipo kuchipatala akuuzani kuti muzidya zakudya za faiba wambiri koma simukudziwa kuti faibayo mumpeza kuti kuno ku Mangochi. Za jimu ndi zitsamba zomwe mwafunsanso ayankhe ena. Ine ndikamba za m'mbale basi, chifukwa ndi msewu umene ndinayendamo ndekha zaka zitatu zapitazo, ndipo ndinayamba ndi kugwa.

Choyamba, musagule ufa kapena tiyi wochepetsa thupi amene anthu ayamba kale kukutumizirani manambala ake. Ine ndinagula. Panapita ndalama pafupifupi K40,000 nthawi imeneyo, kwa mayi wina amene sindimutchula, ndipo chomwe ndinapeza ndi kutsegula m'mimba masiku anayi mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno mukulidziwa. Sikelo inatsikadi makilo awiri, ine n'kumasangalala, osadziwa kuti ndataya madzi okhaokha. Sabata yotsatira makilo aja anabwerera onse. Amene akuti muzimwa madzi otentha a ndimu m'mawa kuti mafuta asungunuke, pepani, thupi si poto wotsukira ziwiya.

Faiba ndi mbali ya chomera imene mimba yathu siigaya: madeya a chimanga, khungu la nyemba, ulusi wa m'masamba, kuterera kwa therere. Mu nsomba mulibe ngakhale pang'ono, chambo kaya usipa kaya kampango, mu nyama ndi mazira mulibenso. Apa m'pamene ife a kunyanja timagwera. Mbale yathu ya ulemu ndi nsima yoyera mbee, nsomba yokazinga, ndi masamba supuni imodzi pambali ongokongoletsa. Chimanga timachikonola, mphale timanyika, kuyanika, kugayitsa, ndiye madeya onse n'kupatsa nkhuku. Nkhuku zathu zimadya faiba wambiri kuposa eni nyumba.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu 25 a faiba kapena kuposerapo tsiku lililonse, komanso masamba ndi zipatso zokwana magalamu 400. Mu 2019 magazini ya zaumoyo ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wamkulu amene anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wina wambirimbiri, ndipo anapeza kuti mwa anthu odya faiba wambiri, imfa za matenda a mtima zinali zochepa ndi 15 mpaka 30 pa 100 poyerekeza ndi odya wochepetsetsa. Anaonanso kuti thupi, BP ndi kolesitero (mafuta a m'magazi) zimatsikako. Ndati zimatsikako, sindinati zimatha.

Mmene zimachitikira n'zosavuta kumva mukaganiza za therere. Faiba woterera uja akafika m'matumbo amasanduka ngati phala lolimba, ndiye shuga wochokera mu nsima amalowa m'magazi pang'onopang'ono m'malo mongokhuthukiramo. Phala lomwelo limagwira ndulu n'kutuluka nayo kuchimbudzi, ndipo chiwindi chimakakamizika kutenga kolesitero wa m'magazi kuti chipange ndulu ina. Faiba winayo, wokhakhala wa m'madeya ndi m'masamba, amadzaza mimba ndi kufewetsa chimbudzi. Kwa ine phindu lalikulu linali pa njala. Ndikadya mandasi awiri ndi tiyi wa shuga, pofika 10 koloko ndinkanjenjemera. Ndikadya mbatata yophika ndi khungu lake ndi mtedza wodzaza dzanja, ndimafika masana osaganiza za chips.

Tsopano kugwa kwanga kwachiwiri, kumene ndikufuna mumvetsetse kwambiri. Nditamva zimenezi ndinapupuluma, ndinasintha zonse tsiku limodzi. M'mawa phala la mgaiwa lothira madeya, masana nyemba, madzulo nandolo, malambe pamwamba, madzi osamwa okwanira. Tsiku lachitatu mimba inatupa ngati ng'oma, mpweya wosaneneka, ndipo ndinadzimbidwa masiku atatu. Ndinali ndi ulendo wa pa minibasi kupita ku Monkey Bay, ndipo sindikuuzani zambiri, koma a pampando wanga anatsegula mawindo onse. Ndinasiya zonse kwa mwezi wathunthu n'kumauza anthu kuti faiba ndi bodza. Vuto linali langa. Tizilombo tabwino ta m'matumbo, tomwe timadya faibayo, timafuna nthawi kuti tizolowere. Muzionjezera chinthu chimodzi pa sabata. Sabata yoyamba masamba okha achuluke. Yachiwiri nyemba kawiri. Yachitatu mukhudze ufa. Ndipo madzi, achemwali, madzi. Faiba wopanda madzi pa kutentha kwa kuno amauma m'mimba ngati simenti.

Nyemba ndiye mwini nkhani. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi magalamu pakati pa 11 ndi 15, ndiye kuti theka la faiba wa tsiku lapezeka ndi ndiwo imodzi. Nandolo ali pafupi pomwepo, khobwe ndi nzama nazonso zili bwino. Muzinyika usiku, m'mawa mutaye madziwo, muphike ndi atsopano mpaka zipse kwenikweni. Mpweya umachepa, makala nawonso mumapulumutsa. Ine ndimagula mumsika waukulu wa pa boma m'mawa kwambiri, kwa amayi obweretsa nyemba za ku Namwera, chifukwa zatsopano sizichedwa kupsa. Mitengo musandigwire nayo pakamwa poti ikusintha sabata iliyonse, koma kilo ya nyemba inali cha m'ma K5,000 mpaka K6,000 ulendo watha, mulu wa bonongwe kapena nkhwani cha m'ma K500. Ndalama ya chambo chimodzi chachikulu imagula ndiwo zamasamba za sabata yonse.

Masamba ndi omwewa timawadziwa: bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, chigwada, therere lobala, denje. Chenjezo langa ndi mafuta ndi mchere. Masamba osambira m'mafuta ophikira sakuthandizani kutsika. Nsinjiro ndi yabwino, koma ya pang'ono, chifukwa mtedza uli ndi mafuta ake ambiri. Mchere WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi, kuphatikiza wa mu timakyubu tokometsera ndiwo tija ndi wa mu nsomba zouma zothira mchere. Munthu wa BP akhoza kudya nyemba tsiku lililonse, koma ngati dzanja likulemera pa mchere, makina a kuchipatala sasintha nyimbo.

Za mgaiwa, wina walemba kuti mukangosintha ufa basi shuga watha. Si zoona. Mgaiwa uli ndi faiba cha m'ma magalamu 7 pa magalamu 100 a ufa, wambiri kuposa ufa woyera, koma ukadali chimanga, ndipo mitanda inayi ya mgaiwa imakweza shuga ndithu. Ine ndinatsika kuchoka pa mitanda inayi kufika pa iwiri yaing'ono, malo otsalawo m'mbale n'kudzaza masamba ndi nyemba, nsomba pambali, yowotcha kapena yophika ndi tomato. Chinanso chimene anthu sanena: kukonola kumachotsako chuku chimene chimakhala pa khungu la chimanga, ndiye mukamagayitsa mgaiwa muyambe mwasankha chimangacho bwinobwino, chovunda, chofumbwa ndi chosintha mtundu mutaye. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi. Mtedza n'chimodzimodzi, wowawa kapena wonyala musadye. Musagayitsenso thumba lonse nthawi imodzi, mgaiwa suchedwa kununkha pa kutentha kwathu kuno. Ndowa imodzi, ikatha mubwererenso kuchigayo.

Malambe tili nawo ambiri moti timawaponda. Ufa wa malambe pafupifupi theka lake ndi faiba, ndipo supuni imodzi kapena ziwiri mu phala n'zokwanira. Koma juwisi wa malambe ndi mafilizi ogulitsa m'misewu ndi shuga wokhawokha, thobwa la pamsika nalonso nthawi zambiri amalithira shuga wambiri. Chipatso muzidya chathunthu, osachifinya n'kusefa, chifukwa chotsala pa sefa chija ndiye mukuchifunacho. Gwafa limodzi limakupatsani cha m'ma magalamu 3, theka la peyala kuposa pamenepo. Nyengo ya mango ikafika mudye limodzi kapena awiri, osati kukhala pansi pa mtengo ndi beseni monga tinkachitira tili ana. Ngati mumasala pa Ramadan, futali wa mbatata ndi nsinjiro pofutulu ndi wabwino kuposa mandasi ndi zakumwa zozizira zija, ingochepetsani mbale ndipo musathiremo shuga.

Chenjezo lomaliza ndi lalikulu kuposa onse. Musasiye mankhwala a BP kapena a shuga chifukwa mwayamba kudya nyemba. Mlamu wanga anatero atamva thupi likupepuka, ndipo patatha miyezi iwiri tinamunyamula usiku mutu ukumuwawa koopsa. BP siimveka m'thupi, imaoneka pa makina. Ngati mudzapatsidwe mankhwala a shuga a insulin kapena glibenclamide, muwauze achipatala kuti mwachepetsa nsima, chifukwa shuga akhoza kutsika mopitirira n'kukugwetsani. Ndipo ngati anakuuzanipo kuti impso zanu zili ndi vuto, musayambe kuchulukitsa nyemba, nthochi ndi mapeyala musanawafunse.

Kwa ine makilo asanu ndi awiri anachoka m'chaka chathunthu, osati mwezi, ndipo mapiritsi a BP ndikumwabe, kungoti nambala zinakhazikika. Musamakwere sikelo tsiku lililonse, mudzangodwala maganizo. Pezani tepi ya atelala muziyeza m'chiuno molunjika mchombo kamodzi pa mwezi, chifukwa mafuta a pamimba ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi mtima, ndipo nthawi zina tepi imasintha sikelo isanasunthe.

Nkhondo yeniyeni mukaipeza kunyumba. Bambo a kwathu anakana mgaiwa kuti ndi nsima ya kusukulu yogonera komweko, ana nawo anati ndi ya chaka cha njala. Ndinayamba kusakaniza mwakachetechete, makapu atatu a ufa woyera kapu imodzi ya mgaiwa, patatha mwezi n'kufika pa theka ndi theka. Anazindikira patapita miyezi itatu, ndipo pofika pamenepo anali atazolowera kale.