Funsani Akatswiri: Kodi proxy ititeteza pasukulu pathu?

FUNSO: Tili ndi chipinda cha makompyuta, ndipo wotikonzera makina akuti tiike proxy. Imagwira ntchito bwanji, nanga ititetezadi? — Mphunzitsi, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, proxy ndi kompyuta yoima pakati pa makompyuta anu ndi intaneti, ngati mlonda wa pageti. Mwana akafuna tsamba la pa intaneti, pempho lake limayamba lafika pa proxy. Iyo imaona malamulo amene mwaipatsa, ikalola imakatenga tsambalo n'kumubweretsera, ndipo imalemba kompyuta yomwe yapempha ndi nthawi yake.

Ambiri amagwiritsa ntchito Squid, pulogalamu yaulere yoyenda pa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows), yomwe imalandira mapempho pa port 3128 (port ndi khomo la nambala lomwe uthenga umadutsira pa kompyuta). Malamulo ake amakhala mu fayilo ya squid.conf. Amawerengedwa kuyambira pamwamba, ndipo loyamba kugwirizana ndi pempho ndilo limatsatidwa. Choncho yambani ndi masamba oletsedwa, kenako http_access allow localnet (kulola makompyuta a pasukulu panu), pomaliza http_access deny all (kukana ena onse). Mukasinthanitsa awiri oyambawo, ana alowa paliponse.

Pali zolakwika ziwiri zomwe zimachitika kawirikawiri. Zinthu zikavuta, ena amangolemba allow all, kutanthauza kulola aliyense. Ngati proxy ikufikirika kuchokera kunja, anthu achilendo amayamba kudutsirapo, bandulo ya intaneti imatha msanga, ndipo zoipa zomwe achita zimaoneka ngati zachokera pa adiresi yanu ya IP, nambala yozindikiritsa sukulu yanu pa intaneti. Cholakwika china n'kuiwala firewall, chotchinga chomwe chimatseka kapena kutsegula ma port. Tsekani port 80 ndi 443, zomwe masamba a intaneti amadutsira, kwa makompyuta onse kupatula proxy yokha, apo ayi mwana wochenjera angoichotsa m'makonzedwe a Windows n'kuilambalala.

Musayembekezere zoposa mphamvu yake. Masamba ambiri lero ndi a HTTPS, njira yobisa uthenga pakati pa kompyuta ndi tsamba. Pamenepo msakatuli (pulogalamu yotsegulira masamba) amatumiza lamulo la CONNECT, ndipo proxy imangoona dzina la tsamba ndi kuchuluka kwa data, osati zam'kati. Itha kuletsa Facebook yonse, koma vairasi yobisala mu fayilo siingaione. Kuti ione zam'kati pamafunika kuika setifiketi yake (chiphaso chochititsa msakatuli kuikhulupirira) pa kompyuta iliyonse, zomwe zimaipatsa mwayi wowerenga ngakhale mapasiwedi a kubanki. Pasukulu sitikulangizani zimenezo. Antivirus ikhalepobe.

FUNSO: Nanga ma proxy aulere a pa intaneti ndi abwino pafoni? — Wowerenga, Lilongwe

YANKHO: Apeweni. Simukudziwa mwini wake, ndipo proxy wamba sibisa uthenga pakati pa foni yanu ndi iyo. Pa tsamba lopanda HTTPS mwiniyo atha kuwerenga kapena kusintha chilichonse chomwe mwatumiza. Msakatuli akakuchenjezani za setifiketi muli pa proxy yotere, musapitirize, ichotseni nthawi yomweyo.