Ulendo wa pa boti la thanga nyengo ya mwera: yankho kwa owerenga a ku Luchenza

Sabata ino talandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Luchenza, amene amagwira ntchito pa esiteti ya tiyi. Mwachidule akuti anzawo awiri ali ndi boti la thanga la mamita 7 ku Monkey Bay, ndipo awapempha kuti akatenga tchuthi mu Julayi akayende nalo limodzi mpaka ku Nkhotakota. Kusambira amatha, koma boti lotere anakwerapo nyanja ili bata basi. Funso lawo: kodi ulendowu ndi wotheka nthawi ya mwera, atenge chiyani, nanga mphepo ikakula atani?

N'zotheka ndithu achimwene. Mpikisano waukulu wa maboti a matanga pa Nyanja ya Malawi umachitika nyengo yomweyi chifukwa mphepo sisowa. Kusiyana kwake n'kwakuti a mpikisano amatsatiridwa ndi maboti a injini owapulumutsa, pamene inu mudzakhala atatu okha.

Mwera mumaudziwa kale ngakhale mumakhala kutali ndi nyanja. Mpweya wozizira wochokera kum'mwera chakum'mawa, ku nyanja ya mchere ya Indian, ukagunda Phiri la Mulanje ndi zitunda za Thyolo umasanduka chiperoni. Womwewo ukafika kunyanja ndiye mwera. Mukaona chiperoni chatseka minda ya tiyi, dziwani kuti kunyanja kwavuta kapena kuvuta posachedwa, ndipo kumavuta masiku angapo motsatizana. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo inagona motsata njira ya mphepoyi, choncho mafunde amanka nakula mukamapita kumpoto. Si aatali ngati a m'nyanja ya mchere, koma ndi othithikana komanso otsetsereka: boti lisanatsike bwino pa funde loyamba, lachiwiri lafika kale. Sitima ya Vipya inagubuduzika mu Julayi 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo.

Musanaganize za zovala, werengani maola. Kuchokera ku Cape Maclear kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo kuchokera ku Senga Bay kukafika ku Nkhotakota ndi pafupifupi 95. Boti la mamita 7 likayenda bwino limatha makilomita 9 pa ola, kutanthauza maola 10 kapena 11 pa chigawo chachiwiricho. Mu Julayi kumacha cha m'ma 6 koloko, ndipo ikamakwana 6 madzulo kumakhala kutada. Mukanyamuka 8 koloko chifukwa munayamba mwaphika phala, mudzafika ku Nkhotakota mumdima, pa gombe la mchenga ndi madzi osaya, mphepo ndi mafunde zikukukankhirani kumtunda. Ngozi yaikulu ya ulendo wonsewu ili pamenepa. Pakati pa nyanja boti labwino limagwedezeka, anthu n'kusanza, koma limapirira. Pagombe likakhudza pansi kamodzi funde limaligoneka cham'mbali n'kumalimenyetsa mpaka kusweka. Gombe lonse la kumadzulo, kuyambira Senga Bay, Nkhotakota, Dwangwa mpaka Chintheche, limalandira mwera maso ndi maso. Monkey Bay ndi Cape Maclear ndiwo malo obisika. Ndiye ngati a Nthambi yoona za nyengo achenjeza za mwera pa wailesi, khalani pa Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, mudye kampango, tchuthi chithe chomwecho.

Tinene kuti mwanyamuka nyengo ili bwino, mphepo n'kuyamba kukula masana. Popita kumpoto mphepo imachokera kumbuyo, ndipo imanyenga. Ikamawomba makilomita 45 pa ola inu mukuthamanga 10 mbali yomweyo, pankhope mumamva 35 yokha. Mukangotembenuka kuti muyang'anane nayo mumamva 55, boti n'kupendekeka mwadzidzidzi. Komanso liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pathanga imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake thanga limachepetsedwa msanga polipinda m'munsi: kupinda koyamba mphepo ikafika makilomita 28 mpaka 30 pa ola, kwachiwiri ikafika 40, ndipo ikapitirira 55 mutsale ndi kathanga kakang'ono ka namondwe kutsogolo kapena kupinda kwachitatu. Mulibe choyezera? Yang'anani madzi. Mitu yoyera ikachuluka paliponse, nthawi ya kupinda koyamba yakwana kale.

Kapindidwe kake kali ndi dongosolo, ndipo mukasokoneza mumang'amba thanga. Woongolera alozetse boti chakumphepo, osati mwachindunji, kuti thanga lakutsogolo lizikokabe. Masulani chingwe chokokera thanga lalikulu mpaka liyambe kupupuma, masulaninso chingwe chokokera pansi boom (mtengo wopingasa wa m'munsi mwa thanga lalikulu), ndipo kokani chingwe chonyamula nsonga ya boom kuti isagwere anthu pamutu. Kenako tsitsani thanga pamlongoti mpaka mphete yopindira ifike pa ngowe, ikoleni, n'kukwezanso thanga mpaka m'mphepete mwa mlongoti mulimbe kuti gwa. Pomaliza ndi pamene mumakoka chingwe chopindira cha kumbuyo. Ambiri amayamba ndi chakumbuyochi kutsogolo kusanalimbe, ndiye nsalu imakokeka mopingasa n'kuzula timagudumu ta pamlongoti kapena kung'ambika pamphete. Pempho lathu n'lakuti muyeseze zimenezi padoko la Monkey Bay katatu kapena kanayi, ndipo mulembe chizindikiro ndi tepi pa chingwe chokwezera kuti mudziwe polekezera ngakhale mumdima.

Mphepo ikamachokera kumbuyo, boom ndi mdani wanu. Funde likapotoza kumbuyo kwa boti, mphepo imalowa kuseri kwa thanga ndipo boom imawoloka mwamphamvu yotha kuswa mutu kapena kuponya munthu m'madzi. Mangani chingwe kunsonga ya boom, chipite kutsogolo kwa boti, chidutse pa kagudumu ka chingwe kapena pa chomangira, chibwerere kwa woongolera kuti athe kuchimasula msanga. Mphepo ikanyanya, tsitsani thanga lalikulu lonse muyende ndi lakutsogolo lokha. Funde lalikulu mulilandire chakumbuyo mopendekera pang'ono. Chosayenera n'kulipatsa nthiti: funde losweka lotalika ngati mulifupi mwa boti lanu likakupezani cham'mbali limatha kuligoneka mlongoti n'kukhudza madzi. Boti lokhala ndi keel (chipsepse cha pansi pa boti) yolemera limadzukanso lokha, bola madzi asalowe mkati. Matabwa otsekera khomo la kabini akhale m'malo mwake ndi omangidwa, ndipo mabowo otulutsira madzi pomwe mumakhala muwayang'ane kawirikawiri. Makoko a mtedza ochepa chabe amawatseka.

Pali njira yoimitsira boti pakati pa nyanja kuti mupume, muphike kapena mudikire kuche. Tembenuzani boti mutu wake udutse mumphepo, koma chingwe cha thanga lakutsogolo musachimasule. Thangalo lidzagwira mphepo kuseri n'kumakankhira mutu kumbali. Masulani pang'ono thanga lalikulu lopindalo, kankhirani mpini wa chiwongolero mbali imene mphepo ikupita, muumange. Matanga awiriwa amalimbana, boti n'kukhala mopendekera ku mafunde, phokoso n'kuchepa moti munthu atha kuthira tiyi m'kapu. Komabe limakhala likutsetsereka makilomita 2 kapena 3 pa ola kutsata mphepo. Ngati gombe lili makilomita 10 kumene mphepo ikupita, muli ndi maola atatu mpaka asanu okha. Choncho izi muzichitira kutali ndi mtunda.

Musadalire kwambiri injini. Ya petulo yopachika kumbuyo, mafunde akakula, pulopela yake imatuluka m'madzi n'kumangolira m'mwamba. Ya dizilo ya mkati imazima chifukwa kugwedezeka kumavundula zinyalala za pansi pa thanki n'kutseka fyuluta. Tengani mafyuluta awiri apadera ndipo wina adziwe kutulutsa mpweya m'mapaipi. Musanalize injini, onetsetsani kuti palibe chingwe cholendewera m'madzi. Samalaninso ndi matchera a asodzi, omwe chizindikiro chake nthawi zambiri ndi botolo la pulasitiki chabe.

Tsopano za kuzizira, zomwe anthu a kuno amazipeputsa poti anazolowera Juni wa ku Thyolo. Madzi a nyanja yathu sazizira kwenikweni, amakhala cha m'ma digiri 23 nyengo imeneyi. Chimene chimagwetsa munthu ndi kunyowa kenako n'kuombedwa mphepo maola asanu ndi atatu atangokhala malo amodzi. Jinzi ndi malaya a thonje zisiyeni kunyumba, zimasunga madzi pakhungu. Pitani pa kaunjika ku Luchenza kapena ku Limbe mukasankhe malaya amkati a poliyesitala, juzi ya ubweya kapena fleece ziwiri, chipewa cha ubweya, ndi jekete ndi buluku zosalowa madzi. Kathaulo kakang'ono m'khosi kamaletsa madzi kutsikira kumsana. Zovala zina zouma zikhale m'majumbo awiri omanga bwino, ndipo musazikhudze mpaka zitafunikadi. Magambutsi akuluakulu a kumunda ayi. Akadzaza madzi simungakwerenso nawo m'boti.

Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa digiri 35, munthu amayamba kunjenjemera, zala kulephera kumanga mfundo, mawu kutuluka ngati woledzera, ndipo amakana kuti ali bwinobwino. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka, zafika poipa. Mulowetseni mkati, mum'vule zonyowa, mum'funde bulangete, ndipo ngati akutha kumeza mum'patse tiyi wa shuga wofunda. Mowa ayi, umatsegula mitsempha ya pakhungu kutentha n'kumathawa. Musam'tikite manja ndi miyendo. Kuti zisafike apa, muzisinthana pachiwongolero maola awiri aliwonse, amene wapuma akagone mkati ngakhale tulo tisabwere. Dzazani mafulasiki awiri musananyamuke, ndipo mbatata yophika, mtedza, nthochi ndi mabisiketi zikhale pofikira dzanja, poti kuyatsa moto boti likudumpha n'kudziwotcha dala. Mankhwala oletsa chizungulire monga cinnarizine amamwedwa maola awiri musanakwere. Mukayamba kusanza sathandizanso, ndipo wosanza ndiye amazizidwa msanga.

Mwati mumatha kusambira. M'mafunde a mamita awiri mutu wa munthu umasowa m'maso pakangopita mphindi imodzi, ndipo kubweza boti la thanga kukamufuna motsutsana ndi mphepo ndi ntchito yovuta ngakhale kwa akatswiri. Valani jekete yoyandamitsa yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, apo ayi imakwera n'kukuphimbani nkhope. Ikhale ndi wenzulo ndi katochi. Koposa apo, dzimangirireni kuboti ndi lamba wa pachifuwa ndi chingwe chosapitirira mamita 2, chokoleka pa chitsulo cholimba kapena pa lamba woyalidwa kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, osati pa waya wa m'mphepete. Kolekani musanatuluke m'kabini. Ndipo nkhani yochititsa manyazi koma yoona: abambo ambiri amagwa m'madzi potaya madzi ataimirira kumbuyo kwa boti. Gwiritsani ntchito ndowa. Wina akagwa, fuulani, ponyani chilichonse choyandama, mmodzi asachotse chala ndi maso pa iye, winayo adinde malowo pa GPS.

Boti likayamba kulowa madzi, musafulumire kulithawa. Pa mpikisano wa Fastnet mu Ogasiti 1979, pakati pa England ndi Ireland, maboti 303 anakumana ndi namondwe ndipo amalinyero 15 anafa. Maboti 24 anasiyidwa ndi eni ake, koma ambiri mwa iwo anapezeka pambuyo pake akuyandamabe. Khalani ndi pampu ya manja, ndowa ziwiri zolimba zomangidwa zingwe, ndi zitsekero zamtengo zosongoka zotsekera paipi ikathyoka.

Nangula akhale ndi tcheni cha mamita 8 kapena 10 kenako chingwe, ndipo mumphepo mutaye utali wowirikiza kasanu ndi kawiri kuya kwa madzi: pa mamita 5, chingwe mamita 35. Foni ikhale m'jumbo, koma dziwani kuti netiweki imatha mukatalikira gombe. Siyani uthenga kwa munthu wodalirika wonena doko lonyamukira, lofikira ndi ola loti akapanda kumva za inu adziwitse apolisi a panyanja ku Monkey Bay.

Funsaninso anzanuwo za pobwerera. Kuchokera ku Nkhotakota kubwerera kum'mwera mudzakhala mukulimbana ndi mwera ndi mafunde ake, kuyenda mokhotakhota, mtunda n'kutalika pafupifupi kamodzi ndi theka, liwiro n'kutsika. Ulendo wa masiku awiri popita utha kudya asanu pobwera, kapena boti n'kutsala komweko kudikira Seputembala. Ngati tchuthi chanu ndi cha sabata imodzi, ife tikadasankha kuzungulira Domwe, Thumbi ndi Mumbo, mwina kukafika ku zilumba za Maleri tsiku labwino, ndipo Nkhotakota n'kumusungira Okutobala.