Za Dayahang Rai ndi gawo losalipidwa lija

Achimwene, mwatchula Dayahang Rai, wosewera mafilimu wa ku Nepal, pofunsa ngati muvomere gawo lopanda malipiro mu filimu, ndipo mwanditosa pachilonda. Anthu amangonena kuti anatchuka ndi filimu ya Loot ya Nischal Basnet mu 2012, yonena za anyamata opangana zobera banki mu Kathmandu, likulu la Nepal, koma amaiwala kuti mwana wa m'boma la Bhojpur ameneyu anali atakhwimira kale pa siteji, ndipo ndi mmodzi mwa amene anayambitsa gulu la zisudzo la Mandala Theatre. Mu filimu ya White Sun ya Deepak Rauniyar, imene inaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu ku Venice mu 2016, anasewera Chandra, womenya nkhondo wa gulu la chikomyunizimu amene anabwerera kumudzi nkhondo ya pachiweniweni ya ku Nepal ya 1996 mpaka 2006 itatha, n'kunyamula mtembo wa bambo ake kutsika nawo phiri pamodzi ndi m'bale wake amene sankamvana naye.

Chigawo cha mtembocho ndi chimene wopanga filimu wina amene ndinasewera mu filimu yake anationetsa pa laputopu, n'kunena kuti akufuna zenizeni zoterozo. Anandigoneka m'ngalande ya kumsika m'bandakucha, nthawi ya mvula, madzi akununkha, nsabwe za m'masamba ovunda zikundiyenda m'khosi, ndipo anatibwerezetsa mpaka mano anga anayamba kugundana. Nditadzuka ndinaponda botolo losweka limene linang'amba chidendene changa, koma iye m'malo moimitsa ntchito anakuwa kuti kamera isazime chifukwa magaziwo akuoneka bwino. Chilondacho ndinakasoketsa ndi ndalama zanga. Filimu itatuluka, magazi anga analimo koma dzina langa munalibe, ndipo foni yanga sanaiyankhenso. Munthu ameneyu anatengera ku Nepal matope okha, osaona kuti mphamvu ya mafilimu amenewo ili mwa osewera ophunzitsidwa bwino amene wotsogolera amawadalira ndi kuwalemekeza, ndipo mpaka lero ndikamuona akuyamikiridwa mtima umandiwawa.

Komabe gawolo musalikane, chifukwa magawo otere ndi amene amakweza munthu. Rai yemweyo atachoka mu Loot anakasewera Kaji mu Kabaddi mu 2014, filimu ya ku Mustang, dera la kumapiri ku Nepal, imene inamufikitsa m'nyumba zambiri. Ndalama zikachepa pirirani, koma musanavule nsapato, wopanga filimuyo alembe ndi kusaina kuti dzina lanu lidzaoneka ndiponso kuti mukavulala adzalipira kuchipatala. Pitaninso nokha dzulo lake mukaone malo amene akufuna kukugonekani.