Za kalikuleta ija, msuweni

Eee msuweni, ndaona funso lako pa gulupu, lakuti pa mayeso a engineering amalola kalikuleta yanji. Dikira kaye ndichoke pamsewu, maminibasi a ku Limbe akusokosa... Eya.

Iwetu nkhani yako si kalikuleta ayi. Ndimakudziwa ine. Kuyambira muja unabisala kuseri kwa nkhokwe tsiku la zotsatira za MSCE... chabwino, ndasiya, azakhali akumva.

Ukuwakumbukira amalume a ku Bangwe? Ayi, osati a njinga aja, enawo, a njanji. Nthawi yawo kunalibe zodinadinazi. Ankayenda ndi slide rule, karula kowerengera masamu, m'thumba la shati, ndi kabuku ka manambala owerengedweratu, ka four-figure tables, kothimbirira ndi thukuta. Pomanga nyumba ya agogo ija, malata ndi mitengo ya denga anawerengera pansi ndi kamtengo, mmisiri akutsutsa, koma pokhoma sipanatsale ngakhale lata limodzi. Ndiye achimwene ako, ali chaka choyamba ku Poly, panopa mukuti MUBAS, anabwera ndi Casio yatsopano kudzaonetsa. Amalume amvekere, "Tandiuze sin 30." Iwo kudina, yatulutsa -0.988. Amalume kuseka mpaka kutsokomola: "Theka, mwanawe! Theka!" Inali pa radian, muyeso wina wa ma angle, m'malo mwa degree, mwini wake osadziwa. Mpaka pa maliro aja anthu ankaikambabe.

Ndimati chiyani... eya, malamulo. Kawirikawiri amafuna ya scientific yosasunga zolemba, amati non-programmable, monga Casio fx-82 kapena fx-991ES Plus. Zojambula magirafu ngati TI-84 malo ambiri amakana, chifukwa munthu ungabisemo ma formula. Foni usayerekeze n'komwe. Si kuno kokha, ku America mayeso a FE, a mainjiniya oyamba kumene, amachita kutchula mitundu yololedwa. Komanso fx-991 imapanga integration ndi ma matrix, ndiye aphunzitsi ena saifuna pa pepala la masamu. Kafunse aphunzitsi a kosi iliyonse, usamvere za ku hostel.

Koma chimene ndikufuna umve n'chakuti ukuopa masamu, ndipo ukuganiza kuti kalikuleta yodula ikupulumutsa. Siingatero. Mamalikisi ali pa njira imene walemba papepala. Usavutitse amayi ako ndi ndalama, fx-991ES yanga ilipo, ingokhala m'dirowa. Uitenge, uizolowere kuyambira pano, zala zidziwe pali degree ndi radian usanalowe m'chipinda cha mayeso.

Wamva? Vuto si makina, ndi mantha akowo, ndipo amatha ukamasova masamu tsiku ndi tsiku ndi kalikuleta imodzi yomweyo.

Loweruka ubwere ku Chilomoni ndi ma past paper, tikhale pansi, ndione pamene ukukakamira. Yodula usagule, ndanenatu. Ubweretsenso mbale ya alamu ako ija, akuifunsa.